VPN yalumikizika koma Luchenza sikuona Chitakale: mmene mapaketi amadutsira pa hub

Dandaulo lake limakhala limodzimodzi kulikonse, kaya ndi shopu ya zipangizo zaulimi, kaya SACCO, kaya kaofesi ka pa esiteti ya tiyi: "VPN ikuonetsa kuti yalumikizika bwinobwino koma kompyuta ya ku Luchenza sikufika pa seva ya ku Chitakale." Nde munthu amayamba kuzimitsa nkuyatsanso rauta, kugula bandulo ina, kuda netiweki, pomwe netiweki ilibe mlandu. Ine zimandiwawa chifukwa ndalama zimapita pachabe ndipo abwana amataya chikhulupiriro mwa anyamata athu a IT omwe anangotsala pang'ono kumaliza ntchito. Tunnel, njira yotsekedwa yomwe VPN imatsegula pa intaneti pakati pa malo awiri, kudzuka ndi nkhani ina, paketi, kachidutswa ka data, kudziwa kopita komanso kobwerera ndi nkhani inanso, ndipo apa mpomwe ambiri amakodwa.

Titenge chitsanzo chongoyerekeza. Bizinesi ili ndi malo atatu, Chitakale ku Mulanje komwe kuli seva ya sitoko ndi maakaunti, Luchenza, ndi Makwasa ku Thyolo. Malo aliwonse ali ndi intaneti yakeyake, kwina 4G, kwina Starlink yomwe inayamba kugwira ntchito m'Malawi muno mu 2023. Funso loyamba lomwe aliyense amafunsa ndi loti bwanji osangolumikiza Luchenza ndi Chitakale mwachindunji, hub yachani? Yankho lagona pa maadilesi. Maadilesi a IPv4 alipo pafupifupi 4.3 biliyoni basi, sakwanira dziko lonse, nde makampani a mafoni amaika makasitomala ambirimbiri kuseri kwa adilesi imodzi ya public, yooneka pa intaneti, njira yomwe imatchedwa CGNAT. Mukaika SIM ya TNM kapena Airtel mu rauta, nthawi zambiri adilesi yomwe rauta yalandira pa WAN, mbali yake yoyang'ana ku intaneti, imakhala yamkati, yoyamba ndi 10 kapena ya mu 100.64.0.0/10, gawo lomwe linapatulidwa mu 2012 chifukwa cha ntchito yomweyi. Starlink ya panyumba nayonso chimodzimodzi. Rauta yotere imatha kuyimba kunja koma siingayimbidwe. Tsono onse awiri akakhala oyimba okhaokha ndani ayankhe? Mpake pamafunika makina amodzi apakati okhala ndi adilesi ya public yosasinthasintha, onse nkumayimbira kumeneko. Ndiyo hub imeneyo, ndipo nthambi zija ndi zomwe m'mabuku a netiweki mumaona akuti spoke.

Palinso nkhani ya chiwerengero. Kuti malo aliwonse akhale ndi tunnel yopita kwa anzake onse, malo atatu ndi matunnel atatu, koma malo 6 ndi matunnel 15, malo 10 ndi matunnel 45, ndipo mukatsegula shopu yatsopano ku Muloza muyenera kukhudza rauta iliyonse. Pa hub malo 10 ndi matunnel 10 basi.

Zili ngati munthu wa ku Thekerani wofuna kukafika ku Limbuli, minibasi yopita chindunji palibe, amayamba watsika pa Thyolo Boma nkukwera ina, ndipo kondakitala wa pa siteji akapanda kudziwa yolowera ku Mulanje ndi iti munthu uja agona pompo ngakhale kuti msewu wonse ndi wabwino.

Musanakhudze VPN konzani maadilesi, chonde. Rauta ikachoka m'katoni imabwera ndi netiweki yake kale, za Huawei zambiri ndi 192.168.8.1, TP-Link zambiri 192.168.0.1, MikroTik 192.168.88.1, ya Starlink 192.168.1.1. Nde ngati munagula marauta atatu a mtundu umodzi tsiku limodzi ku Limbe, malo onse atatu ali pa 192.168.8.0/24. Kompyuta ya ku Luchenza ikafuna 192.168.8.20 imayang'ana subnet mask yake nkuona kuti ameneyu ndi wa m'nyumba momuno, imafuula ndi ARP, funso lofufuza mwini adilesi, pa waya wa mu shopu momwemo, palibe woyankha, basi yasiya. Paketi siifika ndi pa rauta pomwe, tunnel siikudziwa nkomwe kuti kunali ulendo. Pali njira yozembera yomasulira netiweki yonse ndi NAT, komwe ndi kusintha maadilesi a paketi ikamadutsa pa rauta, koma ine sindiilimbikitsa kwa bizinesi yaing'ono, imadzasokoneza amene adzabwere pambuyo panu. Ndi bwino kudzipereka Lamlungu limodzi shopu itatsekedwa nkusintha maadilesi. Chikalata cha RFC 1918 cha mu 1996 chinatipatsa magawo atatu ogwiritsa ntchito mkati mwaulere, 10.0.0.0/8, 172.16.0.0/12 ndi 192.168.0.0/16, malo ndi ambiri zedi. Mu chitsanzo chathu Chitakale ikhale 10.10.1.0/24, Luchenza 10.10.2.0/24, Makwasa 10.10.3.0/24, ndipo mkati mwa tunnel tigwiritse 10.99.0.0/24, hub itenge 10.99.0.1, Chitakale 10.99.0.11, Luchenza 10.99.0.12. Ubwino wosanja chonchi ndi woti nthambi zonse zimalowa mu mzere umodzi wa 10.10.0.0/16, shopu ya ku Muloza ikadzabwera ngati 10.10.4.0/24 nthambi zakale sizifunika kusinthidwa chilichonse, hub yokha.

Ndifotokoza ndi pulogalamu ya VPN ya WireGuard chifukwa ndi yomwe ikupezeka pa zida zomwe tili nazo kuno. Anailemba Jason Donenfeld, inalowa mu Linux kernel 5.6 mu 2020, ndipo MikroTik ili nayo kuyambira RouterOS 7. Imayenda pa UDP, ambiri amaika poti 51820, ndipo mbali iliyonse ili ndi makiyi awiri, yachinsinsi yomwe siichoka pa makina ndi ya public yomwe mumapatsa mnzanu.

Tsopano tiitsatire paketi imodzi. Amayi a pa kauntala ku Luchenza, kompyuta yawo ndi 10.10.2.15, adina batani kuti aone matumba a feteleza otsala, pulogalamu ikufuna seva 10.10.1.5. Kompyuta yaona kuti adilesi imeneyi si ya mu shopu muno, yaipereka kwa gateway, yomwe ndi rauta 10.10.2.1 ili pamwamba pa kabati. Rauta yayang'ana mu routing table yake. Ngati mulibe mzere wonena kuti 10.10.0.0/16 ilowe mu tunnel, paketi iponyedwa ku default route, kutanthauza kwa kampani ya intaneti, komwe ikatayidwa chifukwa maadilesi amkati sayenda pa intaneti. Apa mpoyamba pofera. Pa Linux, wg-quick, pulogalamu yoyatsira tunnel ya WireGuard, imakuikirani mzerewu yokha kuchokera pa AllowedIPs, mndandanda wa maadilesi ololedwa mu tunnel, koma pa MikroTik ayi, muyenera kulowa pa IP, Routes nkuulemba nokha, ndipo ambiri amaiwala chifukwa anaonera vidiyo ya Linux.

AllowedIPs imeneyi ndiyo mtima wa nkhani yonse ndipo imagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi. Paketi ikamatuluka, WireGuard imayang'ana adilesi ya komwe ikupita nkufunsa kuti ndi peer uti, kutanthauza makina a mbali ina ya tunnel, ali ndi adilesi imeneyi pa mndandanda wake, yemweyo ndi amene kiyi yake igwiritsidwe ntchito potseka paketi. Paketi ikamalowa, ikatsegulidwa, WireGuard imayang'ana adilesi ya komwe yachokera, ngati siili pa mndandanda wa peer amene waitumiza imaitaya mwakachetechete, osadandaula, osalemba paliponse poti muone. Nde pa rauta ya ku Luchenza, pansi pa peer wa hub, payenera kukhala

AllowedIPs = 10.99.0.0/24, 10.10.0.0/16

pomwe pa hub, pansi pa peer wa Luchenza, payenera kukhala zake za Luchenza zokhazokha

AllowedIPs = 10.99.0.12/32, 10.10.2.0/24

Taonani kusiyana kwake. Nthambi imaloza netiweki yonse kwa hub, koma hub imagawa, aliyense kagawo kake. Wina akangokopera mzere wa ku nthambi nkuuika pa peer aliyense pa hub zinthu zimasokonekera, chifukwa pa interface imodzi WireGuard siilola gawo limodzimodzi kukhala kwa ma peer awiri, womaliza kulembedwa amalanda, woyamba uja nkutsala opanda kanthu. Mudzaona Makwasa ikugwira, Luchenza yafa, mawa mwasintha pang'ono Luchenza yadzuka Makwasa yafa. Ndipo mukapanga ping pa Linux nkulandira mawu oti Required key not available dziwani kuti route ilipo koma palibe peer amene ali ndi adilesi imeneyo pa AllowedIPs, musavutike kusintha makiyi.

Paketi yathu yatsekedwa, yaikidwa mkati mwa paketi ina ya UDP, yadutsa pa 4G, yafika pa hub. Hub yaitsegula, yaona kuti yachokera 10.10.2.15, ndi wa Luchenza ndithu, alowe. Ikupita 10.10.1.5, si ya ine. Apa mpachiwiri pofera, chifukwa Linux ikangoikidwa kumene siipititsa mapaketi a eni, imadziona ngati kompyuta wamba osati rauta. Muyenera kuyatsa net.ipv4.ip_forward=1 ndipo muilembe mu fayilo ya sysctl, kupanda apo seva ikadzayambanso idzaiwala. Kenako firewall. Paketiyi yalowera pa wg0, khomo la tunnel pa hub, ndipo ikutulukiranso pa wg0 pomwepo, nde malamulo ambiri omwe anthu amakopera pa intaneti, omwe analembedwera munthu wofuna kutulukira pa eth0, khomo la ku intaneti, saikhudza nkomwe. Pafunika lamulo lake lolola FORWARD kuchokera wg0 kupita wg0. Ngati pa seva pali ufw kapena Docker samalani kwambiri, zonse ziwirizi zimasiya FORWARD ili pa DROP. Chizindikiro cha vuto la apa nchosavuta kuchizindikira: nthambi iliyonse ikupanga ping pa 10.99.0.1 bwinobwino koma nthambi ndi nthambi sizikuonana.

Ikadutsa apo hub imaitsekanso ndi kiyi ya Chitakale nkuitumiza. Koma itumiza kuti, poti tinati rauta ya ku Chitakale siingayimbidwe? Imadutsa pa kabowo komwe rauta ija inatsegula pa NAT pomwe inkayimba. Kabowo kameneka sikakhalitsa, pakapita kanthawi popanda chodutsa makina a kampani ya mafoni amakatseka, ndipo WireGuard mwachibadwa chake ndi yachete, ikakhala ilibe chonena siilankhula. Mpake pa nthambi iliyonse timaika PersistentKeepalive = 25, kuti pa masekondi 25 aliwonse izitumiza kapaketi kakang'ono ka mabayiti 32 kuti kabowo kakhale kotsegula. Popanda izi mumaona zodabwitsa zoti m'mawa Luchenza siikufika ku Chitakale mpaka wina wa ku Chitakale atayamba ndiye kutsegula china chake cha mu tunnel.

Yafika pa seva. Ambiri amaganiza kuti nkhani yatha koma tili pakati. Seva iyenera kuyankha kwa 10.10.2.15, ndipo yankho ndi paketi yatsopano yoyenera kudutsa mayeso onse aja chobwerera: seva ikhale ndi gateway yolondola, rauta ya ku Chitakale ikhale ndi route yolozera mu tunnel, AllowedIPs yake ilole 10.10.2.0/24, hub ipititse. Ine ndimati mwa mavuto onse a hub, a njira yobwerera ndi omwe amatopetsa kwambiri anthu, chifukwa munthu amakhala maso ali ku nthambi yomwe ikudandaula pomwe chobisika chili kutsidya linalo.

Pali mtundu wina wa vutoli womwe ndi wofala kuno. Ku ofesi kuli kale rauta ya 4G yomwe aliyense amatulukira, nde mwabweretsa ka MikroTik kapena kakompyuta kakang'ono ka VPN nkukalumikiza pambali ngati 10.10.1.2. Paketi yochokera ku Luchenza ikutuluka m'kabokosika nkufika pa seva, koma seva poyankha ikupereka kwa gateway wake 10.10.1.1, rauta yaikulu ija, yomwe siinamvepo za Luchenza. Mankhwala ake ndi static route pa rauta yaikulu yoti 10.10.0.0/16 ipite kwa 10.10.1.2. Tsoka lake marauta ena otchipa a 4G alibe poikira static route, zikatero ndi bwino MikroTik ikhale gateway wa ofesi yonse, ya 4G ingokhala yobweretsa intaneti kumbuyo kwake. Ena amathamangira masquerade kuti paketi iliyonse izioneka ngati yachokera m'kabokosi ka VPN. Zimagwiradi, koma mwagula mtendere wa lero ndi mavuto a mawa, chifukwa seva idzaona anthu onse a ku Luchenza ndi Makwasa ngati munthu mmodzi, tsiku lomwe sitoko idzasowe nkufuna kudziwa kompyuta yomwe inasintha manambala simudzapeza kanthu mu malogi.

Zida zina zimakhala zosalakwa ma route koma zili ndi khalidwe lawolawo. Pulinta kapena DVR ya makamera yomwe wina anailemba adilesi pamanja nkusiya gateway opanda kanthu imagwira mu shopu momwemo koma siingayankhe munthu wakutali. Windows nayo firewall yake imakana ping ndi kugawana mafayilo kuchokera ku subnet ina pokhapokha mutailoleza, nde musaweruze VPN ndi ping yopita pa laputopu. Komanso musadikire kuti makompyuta a ku Makwasa aoneke okha pa Network mu Windows kapena kuti pulinta ipezeke yokha, zimenezo zimadalira broadcast ndi multicast zomwe sizidutsa pa tunnel ya mtundu uwu, lembani adilesi kapena ikani DNS yanu yamkati.

Pofufuza musalote, yang'anani. Pa hub lembani wg show, muona peer aliyense, latest handshake ndi transfer. Handshake ikakhala ya mphindi ziwiri kapena zitatu zapitazo tunnel ili moyo, siyani makiyi ndi mapoti. Kenako tcpdump -ni wg0 icmp wina akupanga ping kuchokera ku Luchenza. Ngati palibe chooneka vuto lili ku Luchenza, route kapena AllowedIPs, kapena pa AllowedIPs ya peer wa Luchenza pa hub. Ngati echo request ikuoneka kamodzi kokha, yalowa koma siinatuluke, vuto lili pa hub. Ikaoneka kawiri koma popanda echo reply, nyamukani maganizo anu onse apite ku Chitakale. Mphindi zisanu zomwezo zimapulumutsa ulendo wa pa kabaza.

OpenVPN, pulogalamu ina ya VPN yomwe James Yonan anaiyamba mu 2001, mfundo ndi yomweyi koma mayina ndi ena. Pa seva mumalemba route kuti Linux idziwe kuti netiweki ya nthambi ili mu tunnel, kenako iroute mu fayilo ya kasitomala ameneyo mu client-config-dir kuti OpenVPN idziwe kuti ndi ya ndani, kenako push route kuti nthambi zina ziuzidwe. Oiwala iroute ndi ambiri. Pa IPsec zomwezi zimabisala mu policy kapena traffic selector, gawo lililonse lofuna kudutsa liyenera kutchulidwa mbali zonse.

Nanga ping ikuyenda, pulogalamu ikutseguka, koma lipoti lalikulu likungozungulira osabwera? Ameneyo ndi MTU, malire a kukula kwa paketi yomwe njira inganyamule. Waya wamba amanyamula paketi ya mabayiti 1500, WireGuard imawonjezera mitu yake, 60 pa IPv4 ndi 80 pa IPv6, nchifukwa chake wg-quick imakonda kuika 1420. Koma njira zina, monga PPPoE yomwe imakhala 1492 kapena 4G ina, ndi zopapatiza kale, nde mapaketi ang'onoang'ono amadutsa, aakulu nkumakanirira. Pa Windows yesani ping -f -l 1392 ndi adilesi ya seva, 1392 kuphatikiza 28 ya mitu ndi 1420, ikakana muzitsitsa mpaka idutse. Mukapeza nambala yake tsitsani MTU ya tunnel mbali zonse, ena amangoika 1280 kuti agone tulo, ndipo pa rauta ikani lamulo la MSS clamp kuti TCP izidzichepetsa yokha.

Funso loti hub ikhale kuti ndi lomwe ine ndimafuna eni bizinesi azilimva okha, asamangosiyira anyamata. Paketi iliyonse ya Luchenza kupita ku Chitakale imakafika kaye pa hub, ndipo yankho lake chimodzimodzi. Kuwala mu faiba kumayenda pafupifupi makilomita 200 pa millisecond imodzi, palibe angakufulumizitse. Mukabwereka VPS, seva yalendi ya pa intaneti, yotchipa ku Frankfurt kapena ku London, mashopu awiri oyandikana pa msewu umodzi wa M2 azilankhulana kudzera ku Ulaya, ulendo kawiri pa funso limodzi, ndipo pulogalamu ya maakaunti yomwe imafunsa seva timafunso mazana potsegula tsamba limodzi idzakhala yolemera mpaka ogula kutopa pa mzere. Johannesburg ili pafupi kwambiri poyerekeza, koma musanalipire pangani traceroute kuchokera pa netiweki iliyonse yomwe nthambi zanu zikugwiritsa ntchito, poti kampani iliyonse ili ndi njira yake yotulukira m'dziko. VPS yakunja imafunanso madola mwezi ndi mwezi, ndipo tonse tikudziwa mmene forex ikuvutira, khadi ikakanidwa hub yatsekedwa nthambi zonse zili mumdima. Njira ina ndi kugula adilesi ya public yosasintha kwa kampani ya intaneti ya konkuno nkuika hub pa ofesi yaikulu pomwe pali seva. Kwa bizinesi ya chitsanzo chathu ine ndingasankhe imeneyi, chifukwa magalimoto ambiri a data akupita ku seva komweko, ulendo umakhala umodzi, koma pamenepo upload ya ofesiyo ndi batire kapena sola yake ndi zomwe zanyamula kampani yonse.

Bandulo nayo muiganizire. Fayilo ya 100 MB yochoka ku Makwasa kupita ku Luchenza imadya data ku Makwasa, imalowa nkutulukanso pa hub, imadyanso ku Luchenza. Ndipo musaike 0.0.0.0/0 pa AllowedIPs ya nthambi pokhapokha mukufunadi kuti intaneti yonse idutse pa hub, kupanda apo YouTube, Facebook ndi ma update a Windows a shopu iliyonse azikapanikizana pa khomo limodzi ndi malonda.

Chinthu china chomwe sichinenedwa kawirikawiri, hub imatsegula paketi iliyonse isanaitsekenso, kutanthauza kuti amene ali ndi ulamuliro pa hub akhoza kuona zonse zodutsa ngati pulogalamu yanu siigwiritsa HTTPS kapena chitetezo chakechake. Pasiwedi ya hub isamayende pa gulu la WhatsApp. Mbali yabwino yake ndi yoti pa hub pomwepo mpomwe mungaike malire, Luchenza ndi Makwasa zifike pa seva 10.10.1.5 pa poti yofunikayo basi, osati lamulo lotsegula zonse lija, kuti kompyuta imodzi ikagwidwa ndi vairasi wa pa flash asayende mashopu onse. Rauta ikabedwa ku nthambi chotsani peer wake pa hub tsiku lomwelo.

Ife a kuno tinaona mu Marichi 2023 pomwe namondwe Freddy anagumula misewu ndi milatho ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe, magetsi ndi netiweki nkusowa m'madera ambiri, nde funso loti hub ikagwa zikhala bwanji si lamwambo chabe. Mabungwe akuluakulu amaika ma hub awiri m'malo osiyana, nthambi iliyonse nkukhala ndi matunnel awiri, kenako OSPF kapena BGP nkumasankha njira yamoyo yokha, pa WireGuard zimenezi zimafuna interface yakeyake pa hub iliyonse chifukwa cha lamulo la AllowedIPs lija. Cisco ili ndi DMVPN yomwe nthambi zimafunsa hub adilesi ya mnzake kudzera pa NHRP nkulumikizana zokha, Tailscale ndi ZeroTier nazo zimayesa kuboola NAT kuti zida zilankhulane chindunji, zikalephera nkudutsira pa maseva awo. Kwa mashopu atatu, hub imodzi ya batire yabwino, SIM yachiwiri ya kampani ina yokhala ndi adilesi ya public pa rauta ya hub, Endpoint, adilesi ya hub yomwe nthambi zimayimbira, yolembedwa ndi dzina la DNS m'malo mwa nambala, ndi kope la config yonse losungidwa malo ena, zimakwanira kuti hub ikafa muimike ina tsiku lomwelo. Mukatero kumbukirani kuti WireGuard ya pa Linux imafunsa DNS nthawi yoyatsa tunnel yokha, nde adilesi ya hub ikasintha tunnel ya ku nthambi iyenera kuzimitsidwa nkuyatsidwanso kuti ione yatsopanoyo.